Amene wagwira chipande ndi amene waona

Tsiku lina pa ntchito yofukula zakale ndili m'dzenje, maondo pansi, chipande chopalira dothi kumanja, bambo wina amene tinkakumba naye anandigwira dzanja nkuti taimani kaye achimwene, dothi lasintha apa. Ine kuyang'ana sindinaone kanthu, lonse linali lofiirira chimodzimodzi. Anati musayang'ane, tamverani. Anapala mbali iyi chipande chinalira mouma, kupala mbali inayo phokoso linali lofewa ngati likulowa mkati, kenako anawaza timadzi pang'ono nde mzere uja unatulukira, wozungulira bwinobwino, mkati mwakuda kunja kofiira. Apa nkuti pali pomwe panazikidwa nsanamira ya nyumba kalekale, mtengowo unaola nkusiya dothi la mtundu wina. Bambowa anali aganyu, sukulu sanapite nayo patali, koma anali atakumba zaka zambiri kuposa tonse amene tinali ndi mapepala. Lipoti litatuluka dzenje la nsanamira lija lilimo, lajambulidwa, lili ndi nambala yake, koma dzina lawo mulibe. Pa tsamba lothokoza anangolemba kuti tikuthokoza ogwira ntchito, basi.

Chiyambire tsiku limenelo nkhani ya ulamuliro pa ntchito yofukula zakale sinandichoke m'mutu, ndipo ndikamamva anthu akuseka ofukula zakale amene amadzitchula kuti ndi ma anakisiti ndimaona kuti akuseka asanamve chomwe anthuwo akunena. Ambiri akamva mawu oti anakizimu amaganiza za chipwirikiti, aliyense kuchita zake, kuphwanya zinthu. Mawuwo anachokera ku Chigiriki ndipo amangotanthauza kupanda wolamulira. Pierre-Joseph Proudhon, amene anadzitchula yekha dzinali mu 1840, sankafuna chisokonezo, ankati anthu angathe kukonza zinthu zawo mwadongosolo popanda wina kuwakhala pamutu. Mikhail Bakunin naye analongosola bwino kuti nkhani ikakhala ya nsapato iye amamvera wosoka nsapato, ikakhala ya nyumba kapena njanji amafunsa injiniya, koma salola kuti wosoka nsapatoyo amukakamize, amamva, nkuyeza yekha, nkufunsanso wina. Nde pali kumvera munthu chifukwa akudziwa, palinso kumvera munthu chifukwa wakhala pampando. Bambo aja atandigwira dzanja ndinaima chifukwa ankadziwa. Dzina lawo linasowa mu lipoti chifukwa analibe mpando.

Ine mfundo yanga ndi yoti pa ntchito iyiyi kusiyanitsa ziwirizi si nkhani ya ufulu wa ogwira ntchito yokha ayi, ndi nkhani ya kulondola kwa zomwe timauza dziko kuti zinachitika kale. Chifukwa chake nchakuti kufukula nkuononga. Wasayansi wa mu labu akalakwitsa amabwereza mawa, koma dothi ukalichotsa wachotsa, sungalibwezere momwe linasanjikirana zaka chikwi zapitazo. Phale palokha silinena zambiri, chomwe chimanena ndi pomwe linali, linali pansi pa phulusa kapena pamwamba, linali mkati mwa dzenje lomwe anthu ena anakumba pambuyo pake kapena mu dothi lomwe silinasokonezedwepo. Ndipo zimenezi zimaoneka kwa mphindi zochepa, kwa munthu mmodzi, amene wagwada pamenepo. Dayilekita amabwera mwina kawiri patsiku nkuima m'mphepete mwa dzenje. Nde ngati mboni yokhayo yomwe inaona yaphunzitsidwa kuti ntchito yake nkudzaza wilibala osati kuyankhula, umboniwo wapita ndi dothi ku mulu wotaya.

Khalidweli silinangogwa kumwamba. Anthu amene anakhazikitsa kafukulidwe kadongosolo ku Britain ambiri anali asilikali. Augustus Pitt-Rivers, amene anakumba ku Cranborne Chase m'ma 1880 ndi 1890, anali jenerali komanso mwini malo omwe ankakumbapowo. Mortimer Wheeler, amene anakumba Maiden Castle m'ma 1930, anamenya nawo nkhondo zonse ziwiri zikuluzikulu mpaka kufika pa udindo wa brigediya, ndipo ntchito yake ankaiyendetsa ngati kampu, wamkulu pamwamba, masupavaiza pakati, okumba pansi. Sindikuwanyoza, anabweretsa kusamala komwe kunalibe. Koma anatisiyiranso maganizo oti pali manja kwinakwake, mutu kwinakwake.

Kumene zinafika poipa ndi kumayiko omwe azungu ankapita kukakumba nthawi ya atsamunda. Flinders Petrie atakumba ku Quft ku Egypt mu 1893 ndi 1894 anaphunzitsa anthu a m'mudzimo, ndipo anthu a ku Quft anasanduka akatswiri moti magulu ofukula ochokera kumayiko osiyanasiyana ankawalimbirana, luso lija nkumapatsirana bambo ndi mwana mpaka lero. Petrie ankadalira kwambiri munthu wina dzina lake Ali Suefi. Leonard Woolley ku mzinda wakale wa Ur ku Iraq, kuyambira 1922 mpaka 1934, ankadalira kapitawo wake Hamoudi kuyendetsa anthu mazanamazana. Manda aja a Tutankhamun, mfumu yakale ya ku Egypt, dziko lonse limati anapeza ndi Howard Carter pa 4 Novembala 1922, koma sitepe yoyamba ija anaitulukira ndi anthu a ku Egypt amene ankakumba motsogozedwa ndi kapitawo Ahmed Gerigar, Carter anafika m'mawa nkupeza ntchito yaima anthu ali zii akumudikira. Funsani munthu aliyense wapamsewu ngati anamvapo za Gerigar.

Ndipo panali kachitidwe kena komwe ine ndimaona kuti kanaononga kwambiri. Okumba ankapatsidwa kandalama kapadera, komwe kumeneko ankati bakshish, pa chinthu chilichonse chomwe apeza, cholinga chinali choti asakagulitse mobisa kwa amalonda. Zinathandiza kuti zinthu zisabedwe, zoona, koma taonani zomwe munthu akuphunzira pamenepo. Mkanda wagolide uli ndi mtengo, kuona kuti dothi lasintha mtundu kulibe mtengo. Maso ako akulipidwa ngati akusaka chuma, sakulipidwa ngati akuwerenga nthaka. Allison Mickel, amene anacheza ndi anthu omwe akhala akugwira ntchito imeneyi ku Petra ku Jordan ndi ku Çatalhöyük ku Turkey nkutulutsa zomwe anapeza mu 2021, anaona kuti anthuwa amadziwa zambiri zedi koma nthawi zambiri amadzionetsa ngati sadziwa, chifukwa ntchito imapita kwa amene akuoneka ngati wantchito wamba, wodzionetsa kuti ndi katswiri amaoneka ngati wovuta. Tangoganizani, dongosolo lomwe limalipira munthu kuti abise zomwe akudziwa, pa ntchito yomwe cholinga chake chonse nkudziwa.

Nkhani ya Kamoya Kimeu wa ku Kenya imandikhudza mwapadera. Mu 1984 ku Nariokotome, kuzambwe kwa nyanja ya Turkana, anaona kachidutswa ka chigaza kakang'ono ngati bokosi la machesi pakati pa miyala yakuda, ndipo pamenepo mpomwe panatuluka mafupa a mnyamata wa zaka pafupifupi 1.5 miliyoni zapitazo, amodzi mwa mafupa athunthu kwambiri a munthu wakale omwe anapezekapo. Kimeu sanaiwalike ngati enawo, analandira mendulo ya National Geographic mu 1985, zinyama zakale zina zinatchulidwa dzina lake, ndipo Richard Leakey ndi Alan Walker, asayansi amene ankagwira naye ntchito, ankamutamanda poyera. Komabe pepala lolengeza za mafupawo mu magazini ya Nature mu 1985 lili ndi mayina anayi a olemba, la Kimeu palibe. Ngati zinatero kwa munthu amene anatchuka choncho, kuli bwanji wonyamula ndowa.

Wina asaganize kuti ndi nkhani ya khungu lokha. Basil Brown, amene anafukula bwato lakale lokwiriridwa ndi chuma ku Sutton Hoo ku England mu 1939, anali munthu wodziphunzitsa yekha, wolembedwa ganyu ndi mayi Edith Pretty mwini malowo. Zitadziwika kuti zomwe wapeza nzazikulu kunabwera akuluakulu motsogozedwa ndi Charles Phillips wa ku Cambridge nkutenga ntchito yonse, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Brown silinkatchulidwa pomwe chumacho chikuonetsedwa. Mzungu mnzawo, koma wopanda digiri.

Nanga bwana wosafunsidwa mafunso akalakwitsa zimatha bwanji? Richard Nicklin Hall anapatsidwa udindo woyang'anira Great Zimbabwe mu 1902 ali kale ndi chikhulupiriro choti mpanda wamiyala uja sanamange ndi anthu akuda. Analamula kuti dothi lambirimbiri lichotsedwe, lomwe iye ankaliona ngati zinyalala za anthu akuda, nkufuna kupeza za alendo pansi pake. Dothi limenelo ndi lomwe linali ndi mbiri ya omangawo. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anadzasonyeza kuti anamanga ndi anthu a mu Africa momwemo, koma zomwe Hall anataya sizinabwerere. Panalibe amene akanamuuza kuti bwana taimani kaye.

Palinso china chobisika, munthu amene anazolowera kuti pamene pali dongosolo pali bwana amakaonanso bwana m'dothi. Akapeza nyumba yaikulu akuti ya mfumu, akapeza mzinda akusaka nyumba yachifumu. Susan ndi Roderick McIntosh atayamba kukumba Jenne-jeno ku Mali mu 1977 anapeza mzinda wakale waukulu, wa osula zitsulo, oumba, asodzi, amalonda, koma chizindikiro chooneka cha mfumu imodzi yolamulira onse sanachipeze, ndipo zinatenga nthawi kuti anthu avomereze kuti mzinda ungathe kukhalapo motero. Mmene timakhalira pa ntchito zimalowa m'maso mwathu tikamayang'ana akale.

Tsopano otsutsa ali ndi mfundo ndipo sindizithawa. Dzenje lakuya likhoza kugumuka nkukwirira munthu, pamenepo sipafunika msonkhano, pafunika munthu wonena kuti tulukani pompano ndipo onse atuluke. Boma limapereka chilolezo chofukula kwa munthu wodziwika dzina, amene adzayankhe zinthu zikasowa. Kalembedwe kayenera kukhala kofanana dzenje lililonse apo ayi manambala sadzagwirizana. Ndipo pamapeto pake wina ayenera kukhala pansi zaka zingapo kulemba lipoti, chifukwa malo ofukulidwa osalembedwa ndi malo oonongedwa basi, ndipo alipo ambiri otero. Zonsezi nzoona. Koma taonani bwino, palibe chimodzi mwa izi chomwe chikufuna kuti wokumba akhale chete kapena alandire zochepa kapena asowe dzina. Woyang'anira chitetezo timamumvera chifukwa amadziwa dothi lomwe limagumuka, ndi wosoka nsapato uja. Ndipo kunena zoona, amene amayamba kuona mng'alu pakhoma la dzenje ndi amene ali mkatimo, nde chitetezo chenichenicho chimafuna kuti munthu wotsikitsitsa akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito osaopa kuti mawa amuuza kuti asabwerenso.

Mfundo ya otsutsa yomwe imandivuta kwambiri ndi ina. Gulu likanena kuti kuno kulibe bwana, bwana amakhalapobe, kungoti sakuoneka, amakhala uja wolankhula mokweza, uja amadziwana ndi opereka ndalama, uja Chingerezi chimamuyenda. Jo Freeman analemba zimenezi kumayambiriro kwa ma 1970 ataona zomwe zinkachitika m'magulu omenyera ufulu wa amayi ku America, ndipo ankanena zoona. Bwana wobisika ndi woopsa kuposa wooneka chifukwa ulibe pokamudandaulira. Nde ine sindikunena kuti maudindo athe. Ndikunena kuti udindo uzidziwika poyambira ndi pothera pake, uzipatsidwa pa chifukwa chooneka, uzitha kulandidwa, ndipo ngati nkotheka uzisinthana. Amene akulemba fomu sabata ino akankheko wilibala sabata yamawa. Pulofesa akanyamula ndowa tsiku lathunthu dzuwa lili pamutu, bajeti ya chaka chamawa imakhala ndi madzi okwanira ndi mthunzi.

Ndipo izi si maloto, zina zinayesedwa kale. M'ma 1970 ofukula a ku London, amene ankathamangitsana ndi makampani omanga, anayamba njira yoti gawo lililonse la dothi likhale ndi nambala yake ndi fomu yake, ndipo wolemba fomuyo, wojambula, wonena kuti gawoli linabwera pambuyo pa liti, akhale yemweyo amene walikumba. Anagwiritsa ntchito kachithunzi kosonyeza kutsatizana kwa magawo komwe Edward Harris anakonza mu 1973. Njira imeneyi inafalikira kutali chifukwa imagwira ntchito, ndipo pansi pake pali chikhulupiriro choti wokumba ali ndi mutu. Ku Çatalhöyük, kuyambira 1993, Ian Hodder, amene ankatsogolera ntchitoyo, ankalimbikitsa kuti kumasulira kuziyambira pamene chipande chikukhudza dothi, okumba ankalemba zomwe akuganiza tsiku ndi tsiku, akatswiri a mafupa ndi mbewu nkumabwera kudzenje kudzakambirana nawo. Mlonda wa pamalopo, Sadrettin Dural, anafika potulutsa buku lake mu 2007. Komabe ngakhale kumeneko anthu a m'midzi yozungulira ambiri anakhalabe osefa dothi ndi onyamula, ndipo dzina lomwe dziko limadziwa ndi la Hodder.

Apa mpomwe ndimasiyana ndi anthu amene amakonda mawu okoma oti tonse tili ndi mawu, tonse ndife timu imodzi. Kupatsa munthu fomu ndi cholembera koma malipiro omwe aja ndi kumuonjezera ntchito, si kumumasula. Ku England kuyambira 1990 ndondomeko ya boma inati womanga ndiye azilipira kufukula malo asanamangepo, nde makampani ofukula anayamba kupikisana pa ma tenda, ndipo wotchipa ndi amene amawina. Kutchipako kumachokera kuti ngati si pa msana pa wokumba? Anthu a madigiri, makontirakiti a miyezi itatu, lero kuno mawa uko, maondo ndi msana zikutha asanafike zaka makumi anayi, ambiri nkuisiya ntchitoyo pa nthawi yomwe maso awo ayamba kumene kuona bwino. Kwinaku ophunzira amalipira okha ndalama zambiri kuti akakumbe patchuthi, ndiye kuti akugula mwayi wogwira ntchito yomwe zotsatira zake zidzakweza dzina la wina, ndipo mwana wa osauka watsekeredwa kunja asanayambe nkomwe.

Ndiye pali nkhani yomwe anthu safuna kuitchula. Kafukufuku wina wa mu 2014, wotsogozedwa ndi Kathryn Clancy, anafunsa anthu 666 ochita kafukufuku wa kutchire m'masayansi osiyanasiyana kuphatikizapo ofukula zakale, ndipo 64 pa 100 alionse anati anachitidwapo zachipongwe zokhudza kugonana, oposa 20 pa 100 anati anagwiridwa kapena kukakamizidwa. Kwa akazi, ochita zimenezi nthawi zambiri anali owaposa udindo. Sizodabwitsa. Muli kutali, galimoto ndi imodzi kiyi ali ndi bwana, chakudya ndi pogona akupereka ndi bwana, magiredi ndi kalata yokuvomereza kuti upeze ntchito ina akulemba ndi bwana yemweyo. Mphamvu zonsezo m'manja mwa munthu mmodzi, olo atakhala wabwino bwanji, chaka chamawa pamalo pakepo padzakhala wina. Anakisiti akamati mphamvu zisaunjikane pamodzi, pa kampu yofukula zikutanthauza zinthu zazing'ono zogwirika, kiyi wina wa galimoto akhale ndi munthu wina, ndipo pakhale wokamuuza amene salandira malipiro kwa dayilekita.

Gulu la ofukula zakale achianakisiti lotchedwa Black Trowel Collective, lomwe linalemba mfundo zake mu 2016, limandisangalatsa pa chinthu chimodzi chomwe linayamba mu 2020, kusonkha ndalama nkumapereka pang'onopang'ono kwa ophunzira zofukula zakale amene avutika, popanda kuwafunsa magiredi kapena kalata ya pulofesa. Anakisiti wina, Peter Kropotkin, analemba mu 1902 kuti kuthandizana ndi komwe kwapulumutsa zamoyo ndi anthu kuposa kulimbana, ndipo apa ndi kuthandizana komweko kopanda wopempha kugwada. Koma ndalama zosonkha sizingalowe m'malo mwa malipiro. Pa malipiro njira ndi yakale yomwe ija, okumba kulowa yuniyoni nkukana limodzi, ndipo aganyu a tsiku ndi tsiku akhale momwemo, asasiyidwe panja chifukwa choti alibe digiri.

Pa dzina pokha palibe chowiringula. Stephen Quirke atafufuza mabuku a m'thumba a Petrie anapezamo mayina ambirimbiri a anthu a ku Egypt amene ankakumba, ena olembedwa pambali pa manda omwe munthuyo anafukula, chifukwa Petrie ankafunika kudziwa woti amulipire ndani komanso zingati. Mayinawo analipo nthawi yonseyi, anangolephera kuoloka kuchoka mu buku la malipiro kupita mu buku losindikizidwa. Ifenso tinali nalo buku lotero, m'mawa uliwonse kapitawo ankaitana mayina nkumachonga, la bambo aja linali lachitatu pa mndandanda. Fomu ya dzenje la nsanamira lija ili ndi kabokosi pansi kofunsa amene wafukula, ndipo ndinalembamo zilembo za dzina langa chifukwa ndi momwe anatiphunzitsira, kuti kabokosiko nka wogwira cholembera. Fomu imeneyo ili mu katoni kwinakwake mosungira zakale, ndipo munthu amene adzaitsegule kufuna kudziwa kuti mzere uja unaoneka bwanji, dothi linalira bwanji, adzapeza dzina la ine amene sindinauone.